Ntchito ya madzi a nyama zakutchire: zolemba za chaka chachilala

Mvula itangosiya

Mvula yatisiya msanga chaka chino. Udzu wa kumtunda wauma usanakhwimitse n'komwe njere, ndipo mathamanda amene masiku onse amasunga madzi mpaka kutha kwa nyengo yozizira ayamba kale kung'aluka matope m'mbali. Ntchito imene tinati tidzayamba mofatsa tayiyamba ndi liwiro.

Kwa amene mukuwerenga zolembazi koyamba: m'nkhalango yotetezedwa imene tikugwiramo ntchito muli mijigo ya sola yopopera nyama madzi. Inakumbidwa zaka zosiyanasiyana ndi anthu osiyanasiyana, ina m'mbali mwa msewu kuti alendo aziona nyama asanatope. Ife tinapatsidwa ntchito yoona kuti ndi mjigo uti uzipopa, nthawi yanji, ndiponso uti utsekedwe. Zotsekazi ndi zimene zikutidanitsa ndi anthu, chifukwa aliyense akamva za chilala amangoganiza zoonjezera madzi basi.

Zoti kunja kukutentha sitikukana. Bungwe loona zanyengo padziko lonse la WMO linati chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse zimene zinalembedwapo, pafupifupi madigiri 1.55 pamwamba pa mmene kunkakhalira mafakitale asanachuluke. Kutchire zimenezi zimaoneka chonchi: thamanda lomwe lija, ngakhale lidzaze ngati kale, limaphwa msanga, ndipo nyama imamva ludzu pafupipafupi. Komatu madzi akaikidwa paliponse nawonso amapha. Ku Kruger, ku South Africa, anakumba mijigo yoposa 300, mpaka ku zigwa zouma za kumpoto kumene kunkakhala nyama zotchedwa chilembwe. Nyama imeneyi imakonda udzu wautali ndipo imabisa mwana wake momwemo. Madzi atafika, mbidzi ndi nyumbu zinakhamukirako n'kumweta udzu uja, mikango n'kuzilondola. Nyama za chilembwe, zimene zinali pafupifupi 450 mu 1986, zinatsala pafupifupi 45 pofika mu 1993. Akuluakulu a nkhalangoyo anayamba kutseka mijigo imene anaikumba okha.

Nafenso tili ndi kagulu ka chilembwe, ndipo mjigo wa kumpoto uli pakati penipeni pa udzu umene nyamazi zimadya.

Pofika lero tayendera malo onse omwera, achilengedwe ndi opopa, n'kuwaika pa mapu. Takhoma ndodo zoyezera kuya kwa madzi m'mathamanda akuluakulu, tapachika tizipangizo tolemba katenthedwe, tina pamthunzi tina padzuwa, ndipo tamangirira makamera ojambula okha pa malo aliwonse omwera. Kamera imodzi afisi aitafuna kale. Zotsalazo tikuziika m'mabokosi achitsulo.

Nyengo yozizira

Mjigo wa kumpoto tautseka. Tinasankha kutseka panopa, mathamanda ena akadali ndi madzi, kuti mbidzi zipeze kwina komwera mphamvu zoyendera zikadalipo. Kutseka mjigo pakati pa chilimwe n'kupha nyama zimene unaziitana wekha. Tinachita kumachepetsa maola opopa pang'onopang'ono mpaka chomwera chinauma chokha. Nyama za chilembwe zili ndi kasupe wamng'ono m'munsi mwa phiri, wosakwanira khamu la mbidzi koma wokwanira izo.

Mkulu wa alonda sanagwirizane nazo, ndipo sanabise. "Achimwene, inu mudzakhala mu ofesi ndi mapu anuwo, koma mitembo tidzaitola ndife." Bambowa ayenda m'tchire muno kuposa tonsefe, ndipo mfundo yawo ina ndi yolemera: nyama zikaunjikana pa malo ochepa omwera, otchera misampha savutikanso kuzisaka. Amangotchera makhwekhwe m'tinjira tolowera kumadzi, n'kupita kukagona. Tagwirizana kuti alonda aziyendera tinjira timeneti m'mawa uliwonse, ndipo tawagulira zodulira waya zatsopano. Pa za mjigowo sitinamvane. Tangopangana kuti kumeneko kukapezeka mitembo ya mbidzi tidzakhalanso pansi.

Njira zotchingira moto tazitentha udzu ukadali ndi kachinyezi, m'mawa kusanaombe mphepo. Chaka chachilala udzu wouma ndi nkhokwe ya nyama, ndipo moto umodzi wolusa ungathe kuipsereza yonse masana amodzi. Mapanelo a sola tawapukuta, chifukwa fumbi ndi zitosi za mbalame zimadya mphamvu yambiri kuposa mmene munthu angaganizire. Mapaipi tawakwirira mozama n'kuunjikapo miyala yosongoka. Njovu imanunkhiza madzi ali m'paipi pansi pa nthaka, ndipo ikafukula sikwirira.

Chilimwe chayamba

Makamera atiuza zimene mapu sakanatiuza. Pampu ya sola imagwira ntchito dzuwa likamawala, koma njovu zambiri zimabwera kumadzi madzulo ndi usiku. Njovu yaikulu imatha kumwa malita 200 pa tsiku. Gulu limodzi likafika dzuwa litalowa, chomwera chimauma posakhalitsa, ndipo zobwera pambuyo zimapeza matope okhaokha.

Zithunzi za usiku wina pa mjigo wa pakati tinaziona tonse pamodzi pa kompyuta. Njovu yamphongo yaika chitamba pakamwa penipeni pa paipi, kumwa madzi oyera otsika m'thanki yakale asanagwere n'komwe m'chomwera. Cha kumbuyo, kumene kuwala kwa kamera kumathera, kukuoneka maso a nswala ndi ngoma zitaima chilili. Chithunzi ndi chithunzi maola akusintha pakona, maso aja ali pomwepo. Mbandakucha njovu ikuchoka, ndipo zina mwa nswala zija zinali zitabwerera kale osamwa. Tikangowerenga malita amene mjigowo unapopa tsiku limenelo, tinganene kuti zonse zili bwino.

Vutoli anzathu a ku Hwange, ku Zimbabwe, akulidziwa kuposa ife. Nkhalango imeneyo ndi yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 14,600, koma mbali yaikulu ilibe mtsinje woyenda chaka chonse. Woyang'anira wake woyamba, Ted Davison, anayamba kukumba mijigo m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero ilipo yoposa 100, yomwetsa njovu pafupifupi 45,000. Kumapeto kwa 2023, El Niño atachedwetsa mvula, njovu zosachepera 100 zinafa, zina zitatitimira m'matope a mathamanda ouma. Mijigo ija inakhazikitsa njovu pamalo pamene kale zinkachokapo madzi akatha. Tsopano palibe angayerekeze kuizimitsa, ndipo mitengo yozungulira ndiyo ikulipira. Ife tikufuna tisafike pamenepo.

Pa mjigo wa pakati tamanga thanki yaikulu pamalo okwera, yozunguliridwa ndi ngalande ndi miyala, kuti madzi opopedwa masana azitsika okha usiku wonse. Chapatali tamanga kachomwera kachiwiri, kotchingidwa ndi mitengo yopingasa imene nswala ndi njiri zimadutsa pansi koma njovu ayi. M'chomwera chilichonse taikamo mwala wotsetsereka. M'chomwera chakale cha makoma oongoka tinkapezamo akamba ndi timbalame titamira, pamene njuchi zinali zosawerengeka.

Malo omwera abwino kuposa onse sitinawamange ndife. Mumtsinje wouma, pamene pali mchenga wambiri, njovu zikufukula ndi phazi ndi chitamba, n'kuima phee kudikira madzi avumbuke pansi pa dzenje. Madzi ake ndi ozizira, osefedwa ndi mchenga. Zikachoka kumabwera anyani, kenako nswala, kenako njiwa. Tapempha oyang'anira kuti galimoto zisamawolokerenso pamenepo chifukwa zimagumula maenjewo, ndipo avomera.

Pakati pa chilimwe

Thamanda lalikulu la kuchigwa lagwira ndere. Si ndere wamba ya tizingwe ayi. Iyi ndi yonenepa, yobiriwira mopyola muyeso, yonunkha, ndipo mphepo yaikankhira mbali imene nyama zimamwera. Tizilombo totchedwa cyanobacteria timaswana kwambiri m'madzi ofunda, osayenda, odzaza ndi ndowe, ndipo tina timatulutsa poizoni woononga chiwindi kapena mitsempha. Mu 2020, cha ku Seronga kumpoto kwa Okavango ku Botswana, njovu zoposa 300 zinafa miyezi ya Meyi ndi Juni, zina zikuyenda mozungulirazungulira zisanagwe, zambiri pafupi ndi mathamanda. Boma la dzikolo linalengeza kuti chinazipha ndi poizoni ameneyu. Tatunga madzi m'mabotolo titavala magolovesi, n'kutumiza kukayezetsa. Podikira zotsatira tatchinga mbali yoipayo ndi minga, ndipo zomwera zonse zikukwechedwa ndi burashi pafupipafupi. Ntchito imeneyi palibe amene amaikonda.

Alonda anapeza njati itafa pafupi ndi thamanda lomwelo, magazi akuda osaundana akutuluka m'mphuno. Adokotala a zinyama anatiletsa kuikhudza: "Musaitumbule, musaikoke, iphimbeni mpaka ndifike." Ankaopa matenda oopsa otchedwa anthrax. Tizilombo take timakhala m'nthaka zaka makumi ambiri, ndipo chilala chikavuta nyama zimadya udzu mpaka kumizu, n'kumeza dothi lomwe. Mtembo ukatumbulidwa tizilomboto timafalikira, miimba n'kukatisambira m'madzi omwe ena akumwa. Atatenga magazi oti akayeze, mtembowo tinautentha pomwepo.

Koma chimene chikundisowetsa tulo ndi njala. Pozungulira mjigo uliwonse wopopa nthaka ili mbee, zitsamba zathyoledwa, mlambe wina njovu zaubowola mpaka munthu angathe kulowamo. Tsiku lililonse mtunda wa pakati pa madzi ndi msipu ukutalika, ndipo oyamba kulefuka ndi ana, zoyamwitsa ndi zokalamba. Pa chilala cha ku Kenya, kuyambira Febuluwale mpaka Okotobala 2022, boma linawerenga mitembo ya njovu 205, nyumbu 512, mbidzi wamba 381 ndi mbidzi za mtundu wa Grevy 49. Zambiri mwa zimenezi zinali nyama zodya udzu zimene zinasowa chodya.

Amene amatithandiza ndi ndalama afunsa ngati tingagule udzu wouma n'kumamwaza m'nkhalango. Ndawayankha kuti ayi, kupatulapo ngati kagulu ka chilembwe katafika pangozi. Ku Kenya mbidzi za Grevy anazidyetsa udzu wogula, ndipo zinali zomveka, chifukwa padziko lonse zatsala pafupifupi 3,000 zokha. Koma mbidzi wamba ndi njati masauzande sungazidyetse ndi lole. Udzu wobwera umabweretsanso njere za zomera zachilendo, ndipo umaunjika nyama zofooka malo amodzi pamene matenda sachedwa kudumphira. Mayiko ena anasankha njira yowawa kuposa pamenepa. Mu 2024 Namibia inalengeza zopha nyama 723, mwa izo njovu 83, n'kugawa nyamayo kwa anthu anjala, ndipo Zimbabwe inatchula njovu 200. Njira imeneyo si yathu, ngakhale ndaona kuti oidzudzula kwambiri ndi amene ali kutali ndi fumbi.

Za mabokosi a mbalame

Ntchito iyi ndi yaing'ono, koma ndimaikonda. Tili ndi mabokosi oswera a mbalame za mtundu wa hornbill za milomo yachikasu, abale aang'ono a nang'omba. Yaikazi ikafuna kuikira mazira imalowa m'mphako, n'kumata khomo, kusiya kampata koti mlomo wokha udutse. Imathothola nthenga zake mkatimo, ndipo imadalira yaimuna kuibweretsera chakudya. Kukatentha kwambiri yaimuna imangokhala pamthunzi, mlomo uli yasaa, mapiko atatambasuka, osasaka. Mkati muja mayi ndi anapiye akuwonda.

Ofufuza a pa yunivesite ya Cape Town anatsatira mbalamezi ku Kuruman River Reserve, m'chipululu cha Kalahari, kuyambira 2008 mpaka 2019. Zisa zotulutsa mwana wouluka zinatsika kuchoka pa 58 pa 100 zilizonse kufika pa 17, ndipo palibe chisa chimene chinapambana pamene kutentha kwa masana kunkapitirira madigiri 35.7 tsiku ndi tsiku. Mbalame zikuluzikulu sizinagwe m'mitengo n'kufa, monga inachitira mileme pafupifupi 23,000 cha ku Cairns ku Australia mu Novembala 2018 kutentha kutadutsa madigiri 42. Zinangoleka kubereka, ndipo mtembo woti munthu awerenge panalibe. Mabokosi athu tawasamutsira kumbali ya mtengo kosafika dzuwa la masana, tawaika denga lachiwiri losiya mpata wa mphepo, ndipo tizipangizo tathu tikuonetsa kuti mkati mwazizirirako. Ngati zikuthandiza tidzadziwa anapiye akayamba kutuluka.

Kutentha kwafika pachimake

Sabata ino mafoni sanapume. Mlendo wina anajambula mwana wa mbidzi wowonda n'kuika pa Facebook, ndipo tsopano aliyense akufunsa chifukwa chimene tinatsekera mjigo. Mwanayo anajambulidwa pafupi ndi mjigo wa m'mbali mwa msewu, umene ukupopa tsiku lililonse. Tinapita kumpoto ndi mkulu wa alonda kukaona ndi maso. Udzu kumeneko ukadali wofika m'chiuno, mapazi a mikango ndi ochepa, mtembo wa mbidzi sitinaupeze, ndipo pakasupe paja kamera yajambula ana a chilembwe. Bambo aja anayang'ana zithunzizo nthawi yaitali, n'kunena kuti, "Chaka sichinathe, achimwene." Akunena zoona. Mjigowo ukhalabe wotseka.

Nkhani yaikulu ndi ya njovu yaikazi yokalamba imene inavekedwa m'khosi lamba wa GPS woonetsa kumene ili. Usiku wina inatsogolera banja lake kutuluka m'nkhalango, kudutsa mkwasa wakale wolowera ku mtsinje waukulu, ndipo sinakhote paliponse. Zotere zinaonekanso ku Tarangire, ku Tanzania, pa chilala cha 1993. Mabanja amene anali ndi njovu zazikazi zokalamba, zimene zinapulumuka chilala cha 1958 mpaka 1961, anatuluka m'nkhalangoyo kukafuna madzi ndi chakudya, ndipo anataya ana ochepa poyerekeza ndi banja limene linatsalira. Wopha njovu yokalamba chifukwa cha minyanga yake amafafaniza njira zimene banja lonse likanadzapulumukira.

Koma njovu ingakumbukire njira, njirayo n'kupezeka itatsekedwa. Pa chilala cha 1983 nyumbu masauzande ambirimbiri zinafera cha ku nyanja ya Xau ku Botswana, mipanda yoteteza ng'ombe ku matenda itazitchingira njira za kumadzi. M'dziko lomwelo, mpanda wina umene unamangidwa mu 1968 utachotsedwa mu 2004, mbidzi zinayambiranso ulendo wa pakati pa Okavango ndi Makgadikgadi, ngakhale zimene zinkaudziwa ulendowo zinali zitafa kalekale. N'chifukwa chake mayiko asanu, Angola, Botswana, Namibia, Zambia ndi Zimbabwe, anasainirana pangano la KAZA mu 2011, lolumikiza dera la masikweya kilomita pafupifupi 520,000 kuti nyama ziziyenda. Ine ndikuona kuti ndalama imene ingakumbe mjigo watsopano ingagwire ntchito yaikulu itapita ku mkwasa uwu.

Mkwasawo ukudutsa pakati pa minda ya anthu, ndipo anthuwo chilala chawakhaulitsa chimodzimodzi. Takhala nawo pansi pamodzi ndi atsogoleri awo. Iwo akufuna zinthu zomveka: mjigo wawo ukhale kutali ndi mkwasa kuti otunga madzi asamakumane ndi njovu, ndipo azichenjezedwa pafoni njovu ya lamba ija ikayandikira. Zonse ziwiri tavomera, ndipo chenjezo layamba kale kugwira ntchito. Mpanda wa ming'oma ya njuchi wothamangitsira njovu, njira imene wofufuza Lucy King anaiyesa ku Kenya, tinauika chaka chatha m'mbali mwa minda ina, koma panopa ming'oma yambiri ili pululu. Maluwa atasowa njuchi zinasamuka.

Mvula yoyamba

Yagwa, ndipo yagwa yamkuntho. Walira mvula walira matope: nthaka yopanda udzu yozungulira mijigo sinamwe madzi, yangokokoloka, ndipo mtsinje wouma uja unasefukira usiku umodzi n'kutenga kamera ziwiri. Masiku oyamba a mvula ndi oopsa kwa nyama zowonda. Zimazizidwa, zimatitimira m'matope, ndipo msipu wanthete umazitsegula m'mimba zisanapeze mphamvu. Alonda akuyendera zigwa kufuna zotitimira, ndipo atulutsa mwana wa njati ndi zingwe, mayi ake akufwenthera chapafupi.

Madzi osefukirawa atikumbutsa mbali ya ntchito imene sitinaiyambe. Namondwe Idai atagunda Gorongosa ku Mozambique mu Malichi 2019, ofufuza anapeza kuti nyama zikuluzikulu zinatha kuthawira kumtunda, pamene zing'onozing'ono monga mbawala zinapanikizika, zina n'kumira, zopulumuka n'kuwonda chifukwa msipu unakhala m'madzi nthawi yaitali. Mapu athu ali ndi malo omwera okhaokha. Tiyenera kuonjezerapo zitunda ndi zulu zikuluzikulu zimene nyama zingathawireko, ndi kuona ngati mpanda wa kum'mwera sukuzitchinga.

Zotsatira za kuyeza zabwera. M'thamanda la kuchigwa munalidi poizoni wa ndere, choncho chaka chamawa tidzayamba kuyeza madzi ake kutentha kusanafike. Njati ija sinafe ndi anthrax. Mapampu onse tawazimitsa kuti nyama zibalalike kutsata mathamanda a mvula, nthaka yozungulira zomwera ipume, ndipo pamalo okokoloka tikuyala nthambi zaminga kuti udzu umere pansi pake osadyedwa.

Lipoti la alonda la misampha silinafike. Likangofika tiliphatikiza ndi mapu a malo omwera tisanapite ku msonkhano wa oyang'anira nkhalango, kumene tikapemphe kuti mjigo wa m'mbali mwa msewu uzipuma chaka chimodzi pa zaka ziwiri zilizonse. Eni malo ogona alendo amva kale, ndipo apempha kuti nawonso adzakhalepo pa msonkhanowo.